Kunenerera ndi mayi wofuna uphungu ku Partick

Chaka chimene mwana wathu anali m'ndende ndinkadzuka, kuvala, kukwera basi ku Springburn, kukagulitsa, kubwerera. Sindinkalira ndipo sindinkakwiya. Wolira anali mkazi wanga, ndipo nthawi zina ndinkamuyang'ana ndi kansanje, ngati mmene umayang'anira mnzako akudya mokoma iwe m'kamwa muli zii.

Ine ndine munthu wa pamsika. Ndinayambira pa mabelo a kaunjika ku Limbe ndevu zisanamere, ndipo kuno ku Glasgow ndili ndi tebulo pa msika wa Loweruka ndi Lamlungu kum'mawa kwa tauni. Ndimagulitsa masimbi, maketulo, mawailesi ndi zitsulo za anthu amene anamwalira kapena anasamuka. Luso langa ndi limodzi basi, kunenerera. Sabata yanga yoyamba m'dziko lino ndinayesa kunenerera ndi dalaivala wa basi, anthu atandanda kumbuyo kwanga pamvula. Bamboyo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa ngati ndikumva bwino m'thupi. Koma pa ena zimayenda. Nyama ya mbuzi ya pa zikondwerero za mpingo wathu amatuma ine, ndipo mwini butchala akandiona pakhomo amayamba kudandaula ndisanapereke n'komwe moni.

Mwana wathuyo anabwera kuno ali kumbuyo kwa mayi ake. Chichewa amamva chonse, makamaka chokalipira, koma amayankha m'Chingerezi cha kuno, chija chotulukira kukhosi. Ndi munthu wamkulu tsopano, wa ndevu zake, ndipo ankagwira ntchito yomanga zitsulo zokwererapo amisiri pa nyumba zazitali. Loweruka lina masana, mpira utatha, anakangana ndi bambo wina panja pa shopu ya tchipisi ku Partick, namumenya nkhonya, n'kumuthyola nsagwada. Sindinena kuti anamunamizira. Anamenya, ndipo kamera ya pamsewu inaona.

Woweruza atagamula, loya anatitengera pambali n'kutifotokozera kuti m'dziko lino wa chilango chachifupi sakhala m'kati mpaka tsiku lomaliza. Amatuluka nthawi isanakwane. Zinthu zikakhala mmene zilili, anatero, mwana wanu abwera kunyumba chilimwe chikamatha. Akanati akhale chilango chonse, bwenzi chisanu china chikumupeza m'katimo n'kumusiya momwemo. Mkazi wanga anagwira mawu akuti chilimwe chikamatha ngati munthu wogwira chitsulo m'basi yothamanga. Ine ndinangoti, "Zikomo," ngati andipatsa tchenji.

Ku mpingo aliyense ankadziwa, koma palibe amene ankatchula liwu loti ndende. Ankati, "Mnyamata ali bwanji uko?" Ife n'kumati, "Aliko." Timasonkhana masana a Lamlungu m'holo ya tchalitchi china ku Partick, eni ake akamaliza mapemphero awo. Ndife ochepa: anamwino, osamalira okalamba, ophunzira a ku yunivesite amene amabwera ndi njala ndi kuchoka ndi mapoto, ndi ife ena ongopezeka.

Chaka chomwecho kunali chisankho cha aphungu a nyumba ya malamulo ya ku Edinburgh. Mkulu wa mpingo wathu, bambo wa imvi amene anakhala namwino wa odwala maganizo mpaka kupuma, ananena kuti si bwino kuti tizingovota ngati mbuzi zolowa m'khola. Analembera onse opikisana m'dera limenelo kuti abwere adzatiuze zimene akuimira. Anavomera mmodzi yekha, mayi wina wa chipani chimene ambiri a ife tinali tisanachiganizirepo.

Lamlungu la sabata yake asanabwere, mkuluyo anandikodola pamene tinkapinda mipando.

"Achimwene, mafunso mudzafunse ndinu."

"Ine, abambo? Pali madokotala pano. Pali a madigiri."

"A madigiriwo adzafunsa funso lotalika kuposa yankho. Inu pakamwa panu m'potseguka. Komanso," anatsitsa mawu, "mwamva zimene mayiyu amanena pa za akaidi?"

Ndinali ndisanamve. Anandiuza kuti mayiyo akufuna kuti chilango chimene woweruza wagamula chizitha chonse, zotuluka msanga zithe. Ndinaima ndi mpando m'manja. Ndinadikira kuti mtima ugunde kapena miyendo izizire, koma sikunachitike kanthu. Chimene chinabwera m'mutu n'chimene chimabwera nthawi zonse munthu akanditchulira chinthu chodula: umenewo ndi mtengo woyamba. Palibe amene amafika pamsika n'kuyamba ndi mtengo wake weniweni.

Tsikulo amayi anakonzeka ngati kukubwera mkwati. Anaphika mandasi ndi samusa, anayala nsalu yoyera patebulo, anabwereka mpando wa mikono ku ofesi ya abusa. Mayi wina wa ku Mzimba, amene amaseka asanamalize nthabwala yake, anafunsa ngati alendowo abwera ndi zitenje za nkhope yawo, popeza chake cha chisankho china chakumudzi chinali chitatha ndi kukolopera. Wophunzira wina wa zamalamulo anamuyankha mwaulemu wonse kuti kuno kupatsa wovota mphatso ndi mlandu.

"Ngakhale sopo?"

"Ngakhale sopo, amayi."

"Iii, ndiye akufuna voti yaulere?"

Mayi wofuna uphunguyo anafika wapansi kuchokera ku siteshoni, yekha, ndi ambulera yothyoka nthiti imodzi. Panalibe galimoto, panalibe anyamata oimba. Anali wamfupi, wa tsitsi lotuwa lodula, nsapato zake zophwatalala ngati za munthu woima tsiku lonse. Mpando wa mikono uja anaukana n'kukhala pa wapulasitiki. Ine ndinayang'ana nsapatozo n'kudziuza kuti uyu ndi wotheka. Munthu wobwera yekha pamvula kwa anthu ochepa ngati ife, ndiye kuti malonda sakuyenda.

Analankhula ataimirira, opanda pepala. Zonse zinali m'Chingerezi, koma ndilemba mmene zinandilowera. Anayamba ndi za mabanja. Anati makolo azidziwa ndi kufunsidwa pa zimene ana akuphunzitsidwa kusukulu, ndipo sakugwirizana ndi zoti dokotala azithandiza wodwala kufa. Apa holo inawomba m'manja, ena mpaka "Ameni." Anati osamalira okalamba m'nyumba azilipidwa nthawi imene amayenda kuchoka khomo lina kupita lina, ndipo amayi athu, amene theka lawo ndi ntchito yawo imeneyo, anayang'anana n'kugwedeza mitu. Kenako za misonkho. Anati msonkho wa pa malipiro utsike, wa mashopu ang'onoang'ono utsikenso, ndipo pofuna kutseka dzenjelo zinthu zina zimene boma limapereka ulere kwa aliyense zizipita kwa osowa okha. Ophunzira aja anakhwinyata nkhope. Ine monga wamalonda zinandikomera, sindinama. Mpaka pamenepo katundu anali wabwino.

Ndiye anafika pa za milandu. Anati asanalowe ndale anagwira ntchito zaka zambiri m'chipinda cha ovulala mwadzidzidzi kuchipatala, ndipo Loweruka lililonse ankasoka nkhope za anthu. Anati wovulala akamva m'khoti kuti womumenya wapatsidwa chilango chakuti, kenako n'kukumana naye mu shopu nthawiyo isanakwane, ndiye kuti boma lamunamiza. Chimene woweruza wanena chizikhala chomwecho. Ngati ndende zadzaza, amange zina.

Ena anayamba kuwomba m'manja, kenako anakumbukira kuti ife tili pomwepo, manja n'kuferatu m'malere. Mkazi wanga ankayang'ana chikwama chake.

Mkulu wa mpingo anandiitana. Ndinaimirira, ndinakonza tayi, ndinayamba mmene ndimayambira ndi aliyense. Choyamba umayamikira katundu.

"Mayi, mwalankhula bwino kwambiri. Za okalamba, za misonkho, zonsezo ife tatenga. Mwaona nokha manja."

"Zikomo."

"Koma muluwu uli ndi tomato mmodzi wofewa pansi. Tikamuchotsa ameneyo, tigula lero lomwe."

Anamwetulira. "Ndi uti?"

"Wa ndendeyo. Chilango chonse, mayi? Chonsecho? Kwa aliyense?"

"Kwa aliyense wovulaza mnzake, inde."

"Nanga woyamba kumene? Amene sanalowepo m'khoti chibadwire, wa ntchito yake, wa makolo ake opemphera?"

"Zimenezo woweruza amaziona asanagamule. Akaziona apereke chilango chochepa. Koma chimene wanena chikhale chimenecho."

Apa sindinadandaule. Wogulitsa wabwino satsika pa funso loyamba. Ndinapita pa chachiwiri, kuonetsa kuti sukugula chimodzi, ukugula zambiri. Ndinatambasula dzanja kuloza holo yonse.

"Mwationa ochepa, koma aliyense pano ali ndi foni. Mayi awa okha," ndinaloza wa ku Mzimba uja, "akanena chinthu m'mawa, pofika masana chafika ku Sighthill, chabwerera, chawonjezeka. Tikhoza kukupatsani mavoti onsewa pamodzi. Inu mungotipatsa kabanyira. Munene kuti a ulendo woyamba muwaganizira. Basi. Liwu limodzi."

Anthu anaseka, iyenso anaseka. Kuseka ndi chizindikiro chabwino, munthu woseka dzanja lake limafewa. Koma atatha kuseka anati, "Mavotiwo ndikuwafuna kwambiri, bambo. Koma dzulo ndinali m'holo ina, ndipo kunali mayi amene mwamuna wake amadya ndi kapaipi mpaka lero. Ndinamuuza zimene ndakuuzani inuzi. Sindinganene china kuno chifukwa choti kuno kuli mandasi."

Pamsika pali lamulo limene ndimaphunzitsa aliyense wondifunsa: usaonetse kuti chinthucho ukuchifuna. Ndinalisunga. Sindinatchule mwana wanga. Ndinatsala ndi chida chimodzi, chachikulu pa zonse, chimene sichinandikhumudwitsepo kuyambira ku Limbe. Umapukusa mutu mwachisoni, umathokoza, umatembenuka, umayamba kuchoka. Suthamanga. Umayenda ngati munthu amene ali ndi kwina kokagula, khutu limodzi utalisiya kumbuyo. Usanafike patali umamva, "Bwana, tabwerani, tikambirane."

"Ndiye zavuta, mayi," ndinatero. "Tikaona kwa ena."

Ndinatembenuka. Holoyo si yaikulu, koma tsiku limenelo inatalika. Ndinadutsa mzere wa amayi, ndinadutsa ophunzira. Pa tebulo la tiyi ndinachepetsa liwiro, ndinasuntha kapu imene sinali pangozi iliyonse. Amalawi onse m'holomo ankadziwa chimene ndikuchita, ndipo ndinawamva atagwira mpweya, akudikira nane limodzi. Mmodzi yekha ndiye sankadziwa. Nditagwira chitseko ndinamva mawu ake kumbuyo, ndipo phazi langa linali litayamba kale kubwerera.

"Zikomo chifukwa chonena zoona, bambo. Ndi ufulu wanu. Pali funso lina?"

Ukafika pachitseko sungabwerere wekha. Ndinatuluka. Kunja mvula inali ikugwa ya kuno ija, yopyapyala, yobwera cham'mbali. Jekete langa linali m'kati, pampando, pamodzi ndi khadi la basi ndi makiyi. Ndinaima pansi pa kadenga ka khomo, malaya akunyowa phewa limodzi, ndikumva wophunzira wina m'katimo akufunsa funso lalitali la malipiro a sukulu. Ndinaganiza kuti apa munthu ayenera kuchita manyazi. Ndinawafunafuna manyaziwo m'thupi monse ngati munthu wofufuza machesi m'matumba. Panalibe. Ndinkangoona basi zikudutsa, anthu atatsamira mawindo.

Patapita nthawi mkazi wanga anatuluka ndi jekete lija.

"Akuitanani, bambo a mwana?"

"Sanandiitane."

"Ndinaona." Anandiveka jekete ngati mwana. "Mumayesa ndi wa nyama ya mbuzi uja?"

"Onse amatsika, mayi."

"Uyu sanatsike." Anabwerera m'kati kukatsuka makapu.

Ndinapita ku siteshoni kukadikira mkazi wanga kumeneko, ndipo ndi kumene mayi wofuna uphungu uja anandipeza, atanyamula mandasi amene amayi anamukulungira m'pepala. Sindikudziwa ngati wina anamunong'oneza kapena anangoona yekha. Anaima pafupi nane n'kufunsa, "Ndi mwana wanu?"

"Ndi mwana wanga."

"Anatani?"

Ndinamuuza. Sanachite nkhope ya chisoni, ndipo ndinamuthokoza mumtima pa chimenecho. Anafunsa ngati womenyedwayo anachira. Ndinati ndinamva kuti anachira, koma ndinazindikira ndikulankhula kuti sindinafunsepo.

"Mayi," ndinatero, "pano tili awiri. Mukapambana, lamulo lanulo lidzagwira ndi amene ali kale m'kati?"

"Sindikudziwa. Kawirikawiri lamulo latsopano silibwerera m'mbuyo, ndipo malamulo amachedwa. Koma sindingakulonjezeni."

"Ingonenani kuti silimukhudza."

"Sindikudziwa ngati zili choncho."

"Sindikuti mudziwe. Ndikuti munene. Kwathu wofuna voti amakuuza chimene ukufuna kumva, iwe ukudziwa kuti akunama, iyenso akudziwa kuti ukudziwa, koma umakagona tulo. Ndi ulemu umenewo."

Anandiyang'ana ngati dalaivala wa basi uja. Kenako anati, "Pepani, bambo." Anandipatsa ndasi limodzi m'pepala muja, ndipo ine, munthu wosakana chaulere, ndinalandira. Sitima yake inabwera, anakwera.

Sabata yotsatira tinapita kukamuona mwanayo. Chipinda choonera akaidi chili ndi matebulo okhomerera pansi, ndipo fungo lake ndi la mankhwala okolopera. Mayi ake sanachedwe, anamufotokozera zonse, mpaka kapu ndinasuntha ija. Mwanayo anaseka mpaka msilikali wa ndende anatiyang'ana. Ndinali ndisanamuone akuseka chilowereni.

"Da," anatero, mmene ana a kuno amaitanira bambo awo, "munamuchokera? Phungu?"

"Sanakhale phungu."

"Ndiye munaima pamvula?"

"Pansi pa denga."

"Phewa linanyowa," anatero mayi ake.

Atasiya kuseka anayang'ana zala zake. Ananena m'Chingerezi chake chija kuti mwina mayi wofuna uphunguyo ndi amene akanamusoka bambo anamumenya uja akanakhala adakali pantchito. Anati phokoso la nsagwada ija amalimvabe. Kenako anati, "Da, musandinenerere. Si ine ketulo." Ndinafuna kumuuza kuti ketulo sindinaimirepo pamvula, koma nthawi inali itatha, anthu akuimirira.

Tsiku la chisankho anatipatsa mapepala awiri a mitundu yosiyana. Pa loyamba panali mayina a anthu, ndipo ndinachonga wina amene sindinamuonepo n'komwe, kungoti asakhale mayi uja. Pa lachiwiri panali zipani. Ndinachonga mwachangu chifukwa ndinali ndi wailesi yokatenga ku Maryhill. Zotsatira zitatuluka, mayiyo anagonja m'dera lake, ndipo anagonja kwambiri. Ndinamuuza mkazi wanga kuti waona, malonda okanirira amaolera patebulo. Lamlungu lake mkulu wa mpingo anandipeza ndikudzitama pa tiyi.

"Achimwene, simunamve? Mayi aja alowa."

"Alowa kuti? Anagonja."

"Anagonja pa pepala loyamba. Pa lachiwiri lija, chipani chikapeza mavoti okwanira m'chigawo chonse chimapatsidwa mipando, ndipo dzina lawo linali pamwamba. Ndi phungu."

Anandifotokozera kawiri, akujambula ndi chala pa nsalu ya tebulo. Ndinamva kuti m'dziko lino ukhoza kukana katundu pamsika, n'kukamupeza atafika kale kunyumba. Wa ku Mzimba uja anati bola akanatipatsa sopo.

Chilimwe chinabwera ndi masiku ake ataliatali amene dzuwa limakana kulowa. Ndinayamba kumvera nkhani za ku Edinburgh pa mawailesi anga ogulitsa, ndikunamizira kuti ndikuwayesa ngati akugwira. Aphungu ankakangana za ndende, ena akuti zadzaza, ena akuti amange zina. Tsiku lina ndinamumva mayi uja akulankhula, mawu omwe aja, osawonjezera, osachotsera. Kasitomala anafunsa ngati wailesiyo ili bwino. Ndinati imagwira bwino kwambiri, mwina mopitirira.

Foni inabwera Loweruka m'mawa ndili pamsika, simbi ili m'manja, mayi wina wachikulire akuyang'ana chingwe chake. Anali mwana wanga. Anati amuitana ku ofesi n'kumuuza kuti tsiku lake silinasinthe, lamulo likadali lomwe lija, atuluka mwezi ukubwerawu.

"Chabwino," ndinatero.

"Da, mwamva?"

"Ndamva. Chabwino."

Mayi wachikulireyo anafunsa ngati simbiyo imatulutsa nthunzi. Ndinati imatulutsa. Ndinamukulungira.

Madzulo nditamuuza mkazi wanga anakhala pansi pakhitchini penipeni, n'kuyamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi, misozi ili chuchuchu. Kenako anandiyang'ana.

"Inu simukusangalala?"

"Ndikusangalala."

"Nkhope yanu siikudziwa."

Ndinapita kukatsegula chipinda cha mwanayo. M'miyezi yonseyi ndinali ndikuikamo katundu, pang'onopang'ono, poyamba pakona, kenako pansi pa bedi, kenako pabedi penipeni. Maketulo anali atafika pawindo. Panali makina osokera opanda lamba, mafani atatu a m'dziko losafuna fani, bokosi la zingwe zopiringizana. Pogona munthu panalibe. Ndinaimbira mnzanga wa vani kuti abwere Lolemba, kenako ndinayamba kutsitsa zinthuzo pa masitepe, ziwiriziwiri, kukaunjika pansi pafupi ndi khomo. Mkazi wanga anabwera ndi tsache ndi zofunda zochapa, anakankha windo kuti fungo la dzimbiri lituluke, n'kundiuza kuti ndisamale khoma ndi makina osokerawo.